Mendulo Imene Inatsala ku Zomba

Mukanafika pa msika wa Mitundu zaka zapitazo n'kufunsa za a Abednego Kamwendo, anthu akanakulozerani kuseri kwa magolosale, pansi pa mtengo wa kesha, n'kukuuzani kuti, "Agogo a zidebe aja? Ingotsatani phokoso." Palibe akanatchula za usilikali. Kuyambira ali ndi mphamvu mpaka manja atayamba kunjenjemera, a Abednego ankakhoma ndowa, mbaula ndi zothirira fodya ku nazale. Nyundo ndi lata zinawadya makutu pang'onopang'ono, moti atakalamba, munthu powapatsa moni ankachita kukuwa ngati akuitana mnzake amene ali kutsidya kwa dambo.

Anabadwira chakufupi ndi Malingunde m'chaka cha 1933. Bambo awo anapita ku Halale kukafuna ntchito osabwerako, ndiye iwo anakulira m'manja mwa atsibweni awo, kuweta mbuzi ndi kusoka fodya. Tsiku lina, ndevu zitangoyamba kumera, anaperekeza ngolo ya fodya ku Lilongwe. Kumeneko anapeza asilikali a Keyala, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, akuguba ndi malipenga pofuna kukopa anyamata. Eni ake ankanena kuti chimene chinawakopa sichinali mfuti kapena lipenga, koma nsapato. Anali asanavalepo nsapato chibadwire, ndiye apa akuona anthu akuda anzawo aliyense atavala zake, zikulira pansi nthawi imodzi. Ngolo ija inabwerera kumudzi iwo atatsala.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkawabwezera mtima kumbuyo. Kwa Kachule, mudzi wa kufupi ndi Mitundu, kunali mtsikana wina dzina lake Edith, amene anadziwana naye pa msonkhano wa tchalitchi. Atapatsidwa tchuthi chachifupi asanatuluke m'dziko, anapita kukasiya chikole, mpango wofiira ndi sopo. Edith analandira n'kunena kuti, "Mpangowu ndisunga. Sopoyu sindikulonjeza."

Ku Zomba anawaphunzitsa kuguba ndi kuwombera, koma akuluakulu ataona msana wawo anawaika m'gulu lonyamula ovulala pa machira. Kenaka anawakweza sitima ya pamtunda, n'kukawakwezanso ya pamadzi, ulendo wa ku Malaya, dziko limene dzina lake analimva koyamba ali kale m'njira. Panyanja anasanza mpaka kuiwala kuti kudya n'chiyani. Amene ankawagwirira chidebe anali msilikali mnzawo, Sefu Matola, Myao wa ku Mangochi amene anakulira m'bwato, ndipo ankawaseka osaleka. Ubwenzi wawo unayambira pa chidebe chimenecho.

Ku Malaya kunali mvula yosadziwa nyengo, nkhalango zothithikana, ndi misundu imene inkalowa ngakhale m'nsapato zomanga bwino. Sefu, pokhala Msilamu, sankaikhulupirira nyama ya m'chitini, ndiye ankaipereka kwa Abednego n'kutenga mabisiketi ake. Onse awiri ankaona ngati wapindula ndi iye.

Tsiku lina adani anawabisalira m'munda wa mitengo ya mphira. Mfuti zitaleka kulira, Sefu anali pansi, chipolopolo chitamulowa m'ntchafu. Machira anali atanyamula kale munthu wina. Abednego anamanga bala ndi lamba, n'kumubereka mnzakeyo kumsana ngati mwana, kuwoloka naye mitsinje mpaka kumsasa. Pofuna kuti wovulalayo asakomoke, anamuimbira nyimbo za m'buku la ku Nkhoma njira yonse. Mpaka kukalamba, a Sefu akamasimba nkhaniyi ankati, "Chipolopolo chinkawawa ndithu, koma kuimba kwa munthu uyu kunkaposa."

Atabwerera ku Zomba mu 1954, nthawi yawo ya usilikali inali itatha. Anawamasula, koma anawauza kuti ayambe adikira chifukwa kukhala perete ndipo aliyense avekedwa mendulo yake. Ali chidikirire, kunabwera lole yodzatula nyemba, ndipo woyendetsa wake anali Efulemu, mwamuna wa ku Mitundu konko.

"Iwe uli pano ukupukuta nsapato," anatero Efulemu, "kwa Kachule kwatulukira Gilibati kuchokera ku Joni. Njinga yatsopano, galamafoni, chipewa cha nthenga. Ankhoswe ake afika kale kwa atsibweni a Edith."

Abednego anaika bulashi pansi n'kuyamba kumanga katundu. Sefu anabwera akutsimphina kudzamuletsa.

"Abedi, dikira perete. Mkazi sathawa."

"Imene siithawa ndi mendulo," anayankha Abednego, n'kukwera lole.

Anafika kwa Kachule ali mbuu ndi fumbi, napeza Edith pakhonde akuswa mtedza.

"Gilibati uja ali kuti?" Ngakhale moni anaiwala.

"Uti? Wa galamafoni? Ndinamuuza kuti nyimbo zake n'zabwino koma ine ndili ndi mwini. Anakakwatira ku Dedza." Edith anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Nanga inu mwathamangiranji chonchi? Khalani pansi muswe nawo mtedzawu."

Maganizo obwerera ku Zomba anali nawo ndithu. Koma mkamwini watsopano sasowa chochita. Panali nyumba yoti amange, munda wa apongozi woti alime, kenaka kunabadwa Yohane, mwana wawo woyamba, ndi ena pambuyo pake. Luso lokhoma zitini analiphunzira ku usilikali pokonza ziwiya za kumsasa, ndipo ndilo linawadyetsa. Dziko litalandira ufulu azungu aja n'kupita kwawo, iwo sanadziwenso kuti za mendulo ija angafunse kwa yani, ndiye anangozisiya.

A Sefu, atalandira mendulo yawo, anadzakhazikika pa Nathenje, chifukwa mnzawoyo anali atawauza kuti pamsewu waukulu pali malonda. Anayamba ndi mchere ndi usipa, n'kudzafika pokhala ndi sitolo ya nsalu. Chaka chilichonse mwezi wa Novembala, pamene asilikali akale amakumbukiridwa, ankapalasa njinga kubwera kwa Kachule, mendulo ili pachifuwa. Akakhala pansi ankaipukuta ndi mpango mwadala.

"Alamu," ankatero kwa a Edith, "tandipatseni madzi. Chitsulochi chimalemera, munthu amamva nacho ludzu. Amuna anuwa sangadziwe."

A Abednego ankaloza akazi awo. "Yanga ndi iyi. Yako imaphika?"

"Ine musandiyerekeze ndi chitsulo," ankatero a Edith. "Mukanadikira, bwenzi muli nazo zonse ziwiri."

Zinkathera m'kuseka, ndipo anthu ankaona ngati a Abednego sizikuwakhudza. Koma a Edith ankaona kuti mnzawoyo akachoka, amuna awo ankakhala nthawi yaitali pa mpando osalankhula.

Mwa zidzukulu zawo munatuluka msilikali mmodzi, ndipo anali wamkazi: Carol, mwana wa a Yohane. Pamene ankalowa usilikali ena kumudzi ankati mtsikana wasokonekera, koma agogo ake anamuitanira kuseri n'kumuphunzitsa kapukutidwe ka nsapato. Carol ankadziwa kuti agogo anamenya nkhondo, koma za mendulo ankaganiza kuti inangotayika m'kupita kwa zaka. Sanafunsepo.

Anadzamva zoona zake pamene a Sefu anadwala chibayo. Atatuluka m'chipatala ku Nkhoma, ankawasamala ndi mwana wawo Najma, amene tsopano ndiye ankayendetsa sitolo. Carol anali pa tchuthi, ndiye anaperekeza agogo ake ku Nathenje kukazonda matenda. Anawapeza a Sefu atagona pa mphasa, ataonda, mawu akutuluka pang'ono. Anakodola Najma, amene anabweretsa kansalu komanga mfundo.

"Abedi, sendera kuno," anatero a Sefu. "Tenga iyi. Ine ndinkangogona kumsana kwako. Amene anayenda ndiwe."

A Abednego sanamve, ndipo Carol anachita kuwabwerezera m'khutu. Atamva anakankha dzanja la mnzawoyo.

"Pamenepo palembedwa dzina lako. Ukufuna anthu azindiitana Sefu, ndisiye kudya nkhumba? Bweza. Ndiponso sukufa. Munthu wofa salankhula zambiri chonchi."

A Sefu anaseka mpaka kutsokomola. Ndipo sanafedi. Pobwerera, ali mu minibasi, Carol anafunsa, agogo ake n'kumusimbira zonse, za Efulemu, za Gilibati ndi galamafoni yake, mokweza mawu monga amachitira anthu osamva, moti minibasi yonse inamvetsera. Mayi wina amene anakhala kumbuyo anati, "Amuna a masiku ano sangasiye ngakhale mpira wa pa TV."

Carol anaitengera nkhaniyi kwa akuluakulu ake. Sizinayende msanga. Panafunika kufufuza mayina akale, kufunsa kunja, ndi kubwera kudzacheza ndi a Sefu monga mboni. Mvula inagwa n'kutha, chimanga chinakololedwa. Carol sanawauze kanthu agogo ake poopa kuwapatsa chiyembekezo chabe. Kenaka tsiku lina anatulukira kwa Kachule atavala yunifolomu, n'kugwada pafupi ndi khutu lawo.

"Agogo, mendulo yanu yapezeka! Akubwera kudzakuvekani konkuno!"

"Ndani wapezeka?"

"Mendulo! Ya ku Zomba ija!"

A Abednego anayang'ana manja awo, anayang'ana mdzukulu wawo, kenaka anatembenukira kunyumba n'kukuwa kuti, "Amake Yohane! Jekete yanga ili kuti?"

Kuyambira tsikulo pakhomo panalibe mtendere. M'mawa uliwonse a Abednego ankapita kuseri kwa nkhokwe kukayeserera kuguba, ndodo atainyamula ngati mfuti, nkhuku zikubalalika. Mwendo wamanzere unkamvera, wamanja unkabwera mochedwa. A Edith ankawaonerera ali pakhonde.

"Bambo a Yohane, mugwa. Akudzakuvekani mendulo, sakudzakutumizani ku nkhondo."

"Msilikali salandira mendulo atakhala pansi ngati akulandira phala."

Jekete ija anaipeza njenjete zitadya phewa limodzi. Najma atamva anatumiza nsalu yabwino kuchokera ku sitolo, telala wa pa Mitundu n'kusoka ina. Nsapato anagula ndi a Yohane, koma kupukuta anakana kuti wina awagwirire. Anazipukuta okha mpaka munthu n'kumadziona nkhope.

Mwambo unachitikira pa bwalo la sukulu, mwezi wa Novembala, kumwamba kuli mitambo ya mvula yoyamba. Anthu anabwera ochokera kwa Kachule, ku Malingunde ndi ku Nathenje. Amayi a chigwirizano anavala zoyera zawo, anzawo a ku mzikiti anabwera ndi Najma, ndipo amalonda ambiri anasiya mabenchi awo pamsika. Ambiri anabwera chifukwa chosakhulupirira. Munthu amene anawakhomera ndowa moyo wawo wonse, lero asilikali abwere ndi malipenga chifukwa cha iye? A Sefu anafika pa njinga yamoto ya kabaza, atagwira chipewa ndi dzanja limodzi, lina litaphimba mendulo kuti isachite fumbi. Anawakhazika pafupi ndi mnzawo, a Edith ali mbali inayo.

Mkulu wa asilikali amene anabwera anali a Meja Lovemore Kapalamula, munthu wamtali, wa msinkhu wa zidzukulu zawo. Analankhula bwino. Anasimba za Malaya, za munda wa mphira, za munthu amene anabereka mnzake kuwoloka naye mitsinje. Pofika pa chifukwa chimene mendulo inachedwera anangoti, "Bambowa anaitanidwa mwadzidzidzi ku ntchito ina yofunika kwambiri kwa Kachule." Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka, amayi akululutira, a Edith ataphimba nkhope ndi chitenje.

A Abednego sanamvepo ngakhale liwu limodzi. Anakhala njo pa mpando, maso patsogolo, manja pa maondo. Ndiye pamene a Meja anaitana kuti, "A Abednego Kamwendo, bwerani kutsogolo," iwo anangokhala. A Meja anabwereza pa chimkuzamawu. Iwo ali phee. A Edith anawakodola ndi chigongono, iwo n'kuwanong'oneza mokweza kuti, "Musandisokoneze, ndikudikira dzina langa."

Apo a Sefu anadzuka ndi ndodo yawo. Munthu amene miyezi ingapo yapitayo mawu ankachita kuwafunafuna anakoka mpweya, n'kukuwa ndi liwu la pa bwalo la ku Zomba.

"Kamwendooo! Tenishoni!"

A Abednego anaimirira nthawi yomweyo ngati wina wawakoka ndi chingwe. Ndodo inagwa pansi ndipo sanaitole. Carol anathamanga kuti awagwire mkono, iwo n'kumukaniza ndi maso. A Sefu anapitiriza kuwawerengera, "Lefu, laiti! Lefu, laiti!" ndipo woimba ng'oma wa asilikali, poona mmene mapazi a nkhalambayo ankayendera, anachepetsa liwiro n'kumawatsatira iwo. Anthu anasiya kuseka. Anayenda okha mpaka pamaso pa a Meja, anaima, n'kukweza dzanja kuchita sawatcha. Dzanjalo linafika pamalo pake. Asilikali onse anabweza nthawi imodzi.

A Meja anawabaya mendulo pa jekete, n'kuwerama kulankhula m'khutu mwawo. "Agogo, pepani kuti yachedwa."

"Simunachedwe ndinu, mwana wanga," anayankha a Abednego, mawu awo akumveka pa chimkuzamawu bwalo lonse. "Ndinafulumira ndine."

Nthungululu zinabuka. Iwo anayang'ana pachifuwa, anaigwira ndi zala ziwiri, ndipo misozi inatsika osaipukuta. Carol, amene anaima pamzere ndi asilikali anzake, nayenso analephera kudzigwira. A Edith anadzuka pang'onopang'ono, anafika pafupi, anaiwongola mendulo ija chifukwa inali itapendekeka, n'kunena kuti, "Yakukhalani." Kwa a Edith amenewo anali mawu ambiri.

Anthu atayamba kumwa thobwa, a Meja anadzakhala pansi pafupi ndi nkhalamba ziwirizo, n'kufunsa ngati panali china chimene a Abednego angakonde asilikali awachitire asanabwerere. A Yohane anayamba kunong'oneza za malata a nyumba, koma bambo awo sanawamve, kapena anasankha kusamva.

"Chilipo," anatero a Abednego. "Nthawi yonse imene ndinali msilikali, galimoto ya asilikali ndinkakwera kumbuyo, pamodzi ndi matumba. Kutsogolo kunali kwa azungu. Ndikufuna ndikhale kutsogolo, timuperekeze mnzangayu ku Nathenje."

A Meja anaseka, anaitana dalaivala, n'kutsegula okha chitseko. Anawakweza a Abednego kutsogolo. A Sefu ndi a Edith anakhala mpando wachiwiri, ndipo a Meja eni ake anadzipanikiza kumbuyo kwenikweni pamodzi ndi Carol, maondo ali kukhosi.

"Udzere pamsika," a Abednego anamuuza dalaivala. "Ndipo usathamange."

Galimoto inadutsa pakati pa msika wa Mitundu ikuyenda ngati ngolo. A Abednego anatulutsa chigongono pa windo. Ogulitsa tomato anaimirira, akabaza analiza mabelu ndi mahutala, ndipo amisiri amene tsopano amakhoma zidebe pansi pa kesha paja anamenya malata awo ngati ng'oma. Iwo ankangogwedeza mutu uku ndi uku, mwaulemu, ngati munthu wozolowera.

Atatuluka pa Mitundu mvula inayamba kudontha, fungo la dothi n'kulowa m'galimoto. Dalaivala anafuna kutseka mawindo koma a Abednego anakana. Kenaka anayamba kufunsa ntchito ya batani lililonse, ndipo atapeza la hutala, analiza kwa munthu aliyense amene anakumana naye pa njira, ngakhale kwa mbuzi.

"Bambo a Yohane, mwakula," anatero a Edith kumbuyo.

"Akuti chiyani?" a Abednego anafunsa dalaivala.

Dalaivalayo anayang'ana a Edith pa galasi, anayang'ana nkhalamba ili pambali pake, n'kukuwa kuti, "Akuti lizaninso, agogo!"

Anafika pa Nathenje mvula itakula. Najma, amene anali atatsogola, anatsegula sitolo n'kuyala mipando mkati, pakati pa mipukutu ya nsalu, ndipo anabweretsa tiyi wa mkaka ndi mandasi. Anthu obisala mvula pakhonde ankasuzumira kuti aone asilikali akumwa tiyi ndi nkhalamba. A Meja anali ndi ulendo wobwerera ku Lilongwe, koma mvula inali isanakate, ndiponso a Sefu anali atangoyamba kumene kusimba za sitima ya pamadzi. A Meja anavula chipewa, anachiika pa bondo, n'kupempha kapu ina.